Tsiku Limene Anatsuka Makalata a Che Atumani

Dzina lakuti Willard ndinamupatsa ndine. Anthu amene anawaphunzitsa ku Dedza, ku Mulanje ndi ku Ntchisi amamudziwa ndi dzina limenelo, koma kwawo ku Nkope anali Jaffalie Uladi, mwana wa msodzi amene anamira mnyamatayo asanayambe n'kuyenda komwe. M'chaka cha 1961 ndinali mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Ntcheu, nditatumizidwa kusukulu ina ya mishoni kufupi ndi mudzi wawo. Mayi ake, a Asiatu, amene aliyense ankawaitana kuti Abiti Ibrahimu, anabwera naye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Woyang'anira sukulu zathu sankafuna kuona mayina achisilamu m'kaundula. Lamulo limeneli sanalilembe papepala lililonse, koma tonse tinkalidziwa. Ndinalemba dzina limene linayamba kundibwerera m'mutu, n'kuwauza mayiwo.

"Lembani, aphunzitsi, bola aphunzire," anatero. "Kunyumba ndizikamuitana dzina lake."

M'mawa ankakhala kwa ife, kulemba kuchokera kumanzere kupita kumanja. Madzulo ankakhala ku madarasa, kulemba zilembo za Chiarabu kuchokera kumanja kupita kumanzere. Kusukulu kwathu za madarasazo sankazitchula, ndipo ife aphunzitsi, ndi masatifiketi athu onse, sitinaganizepo kuti mwana wodziwa zilembo za mitundu iwiri akutiposa.

Mu 1973 anasankhidwa kupita ku yunivesite. Pa nthawiyo ndinali nditakhala mphunzitsi wamkulu pasukulu yomweyo. Mudzi wonse unkayembekeza kuti akabwerako ali loya kapena mkulu wa m'boma. Atabwera kutchuthi choyamba anandiuza kuti wasankha mbiri yakale, ndipo chimene chamugwira mtima ndi nyengo imene ophunzira amaitcha Zaka Zapakati, kuyambira pamene ufumu wa Roma unagwa mpaka pamene azungu anayamba kuzungulira dziko ndi zombo.

"Udzadya chiyani ndi mafumu a ku Ulaya amene anaola zaka mazana asanu ndi atatu zapitazo?" ndinamufunsa.

"Ahedi," anayankha akuseka, "inu munatiloweza pamtima mitsinje ya ku Canada. Mwadyamo nsomba zingati?"

Ndinamusiya. Ankabwera ndi mabuku olemera, n'kumandifotokozera pakhonde langa. Anaphunzira Chilatini pang'ono. Ankawerenga ndakatulo zakale za ankhondo ndi za anthu opita kumalo oyera. Koma chimene ankachikonda kwambiri chinali ntchito ya amonke amene ankakhala moyo wawo wonse akukopera mabuku pazikopa za nkhosa. Ankati wolemba mbiri ya nyengo imeneyo amakhala ngati mayi wopeta mpunga wochepa, sataya kambewu. Kalata yong'ambika, mndandanda wa katundu, dzina la mudzi lolembedwa m'mphepete mwa buku, zonsezo amazitola mpaka anthu amene anaiwalika ayambe kuoneka.

M'chaka chake chachitatu, mphunzitsi wawo, mayi wina wa ku Ulaya, anafika pamutu wa mizinda ya m'mphepete mwa nyanja yamchere imene inkachita malonda m'nyengo yomweyo. Anawaonetsa chithunzi cha timakobiri ta ku Kilwa, umodzi mwa mizindayo, n'kunena kuti apepese, iye zilembo zimene zili pamenepo sadziwa kuwerenga. Jaffalie anayandikira chithunzicho n'kuyamba kutchula zilembozo chimodzichimodzi.

"Willard, zimenezi unaphunzira kuti?" anafunsa mphunzitsiyo.

"Pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa mzikiti."

Tsiku limenelo ndi pamene anamuuza mayiyo za kabokosi kachitsulo kamene kanali pansi pa bedi la mayi ake.

M'kabokosimo munali mapepala makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Anali a Che Atumani, agogo awo a Abiti Ibrahimu, amene ankalembera makalata mtsogoleri wa ulendo wamalonda wopita kunyanja yamchere azungu asanakhazikike kuno. Analembedwa m'Chiswahili chosakaniza ndi Chiyao, m'zilembo za Chiarabu, ndi inki yopangidwa ndi mwaye ndi utomoni. Lililonse linkayamba ndi dzina la Mulungu pamwamba. Munali nkhani za minyanga ya njovu, nsalu, mikanda ndi onga wa mfuti. Munalinso za akapolo, ndipo Jaffalie ananena kuti zimenezo sadzazibisa ngakhale zili za kwawo. Pepala lalitali kuposa onse linali ndakatulo yotchula malo makumi atatu ndi anayi amene aulendo ankagona, kuyambira kuno kunyanja yathu, kudutsa mapiri a ku Namwera, kulowa dziko limene lero ndi Mozambique, mpaka kukafika pamadzi amchere. Malo aliwonse anali ndi mizere yake, yonena ngati pali madzi, ngati mfumu yake ndi yaulere kapena youma manja.

Mphunzitsi uja anamuuza zoona: mapepalawo sanali a Zaka Zapakati, anali asanakwanitse n'zaka zana zomwe. Koma anati malonda amene akunenedwamo mwina ndi mchira wa malonda akale aja, ndipo luso lowerengera mapepala otere ndi lomwe lija la zikopa za amonke. Anamulola kuti chimangirizo chake chachikulu cha chaka chomaliza chikhale pa mapepala amenewo. Mwana wa ku Nkope anali pafupi kuika agogo ake pashelefu imodzi ndi mafumu a ku Ulaya.

Mu Ogasiti 1976 anabwera kutchuthi ndi kope latsopano lachikuto cholimba. M'mawa ankakhala pakhonde la mayi ake, kutulutsa pepala limodzi, kulikopera mosamala, n'kulibwezera. Masana ankayendera akuluakulu kuwafunsa mayina akale a malo. Cholakwa chake chinali chimodzi. Ankaganiza kuti munthu safunika chilolezo kuti awerenge makalata a m'nyumba ya mayi ake.

Lachitatu lina ndinapita kukaona mapepalawo ndi maso anga. Tili pakhondepo panafika a Simioni, tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu. Anali wogulitsa nsomba zouma, wosiyira sukulu m'kalasi lachitatu, koma nthawi imeneyo mawu awo ankalemera kuposa a mphunzitsi aliyense. Abiti Ibrahimu anawayalira mkeka. Sanakhale.

"A yunivesite," anatero, "ndamva kuti mukuyenda m'midzi kufunsa njira zopita ku Mozambique."

"Njira zakale, a Tcheya. Za nthawi ya agogo."

"Njira imakalamba? Imene anayenda agogo anu mdani wa boma sangayende?"

Anatola kope lija n'kulitembenuza uku ndi uku.

"Nanga izi mukulemba chobwerera m'mbuyo bwanji? Munthu wolemba chobwerera ali ndi chobisa."

"A Simioni," ndinalowererapo, "zilembo zimenezo mumaziona tsiku lililonse pakhoma la mzikiti. Ana a mlongo wanu yemwe amazilemba ku madarasa."

"Ahedi, inu ndinu wa ku Ntcheu. Za kuno tisiyireni ife."

Ankadziwa. Ndikubwereza, munthu ameneyu ankadziwa bwino lomwe kuti zilembozo n'zotani. Anabadwira pakati pa Asilamu, anadya nawo mpunga wa Idi chaka ndi chaka. Chimene chinkamuwawa n'chakuti mwana wa mayi wamasiye akulonjeredwa ndi akuluakulu ngati munthu, ndipo sanayambe wadzagwada pakhomo pake kunena kuti ndabwera.

"Kalata yachilolezo ili kuti?" anafunsa.

"Ndi mapepala a m'nyumba mwathu, a Tcheya."

"M'nyumba mwanu muli dziko lina? Tamverani. Lolemba m'mawa mundionetse kalata ya chidindo yochokera kumene mukuti mumaphunzirako. Ikapanda kuoneka, kabokosi aka kapita kuboma kuti akakawerenge odziwa, ndipo mwini wake apita nako kukathandiza kuwerenga. Kasachoke m'mudzi muno. Kope ili ndasunga ine."

Achinyamata a lero sangamvetse mawu akuti kukathandiza kuwerenga. Ife tinkawamva. Tinali titaona anthu akukwera galimoto kupita kukayankha mafunso awiri okha, nsima yawo itavundikiridwa kuti adzadya pobwera.

Lachinayi m'mawa Jaffalie anakwera basi kupita kukoleji. Anafuna kutenga kabokosi kaja, koma panjira achinyamata a chipani ankatsitsa anthu kuona makhadi ndi kupisa m'zikwama, ndipo a Simioni anali ataletsa kale. Anawauza mayi ake kuti asadandaule, abwerako ndi kalata. Kumeneko anapeza kuti ndi nthawi ya tchuthi. Mphunzitsi wake anali atapita kwawo. Wosunga chidindo anali kumaliro. Anagona masiku awiri pabenchi kudikira munthu mmodzi wolimba mtima wokwanira kusaina kuti mwana akuwerenga makalata a agogo ake.

Iye ali kumeneko, Lachisanu anthu atatuluka mu mzikiti, a Simioni anadutsanso pakhomo pa Abiti Ibrahimu. Ulendo uno anakhala pamkeka, analandira madzi akumwa, n'kuyamba kucheza ngati mnansi.

"Mwana wabwera?"

"Sanabwere, a Tcheya."

"Makalata a chidindo ndi ovuta masiku ano. Paja mwana wa Abiti Saidi wa kutsidya kuja anapita chaka chanji? Uja anamupeza ndi timapepala m'thumba. Amayi ake amalandira uthenga?"

Atatero anathokoza chifukwa cha madzi n'kumapita.

Loweruka chakumasana ndinapita kukafunsa ngati Jaffalie watulukira. Ndinapeza Abiti Ibrahimu kuseri kwa nyumba, atakhala pamkeka woyera, atafunda mpango wawo wopempherera. Patsogolo pawo panali mbale yaikulu yoyera yokhala ndi madzi, ndipo madziwo anali atada ngati makala. Pambali panali botolo, ndi kansalu pamene anaunjikapo zinthu zonga madeya onyowa. Kabokosi kanali kotsegula. Munatsala mapepala atatu.

Kwa amene sadziwa za kuno ndifotokoze. Pepala lokhala ndi dzina la Mulungu saliponya padzala kapena m'chimbudzi, ndipo mayi ngati ameneyu sakanalimba mtima kulikolezera moto pamafuwa. Koma pali chinthu chimene anali atachiona kuyambira ali mwana. Munthu akadwala, shehe amalemba mawu oyera pambale, n'kuwatsuka ndi madzi, wodwalayo n'kumwa. Amati kombe. Mawu otsukidwa sananyozedwe, angosamuka. Ndiye mayi ameneyu, usiku wonse osagona, anapeza njira imodzi yokha yochotsera mapepalawo m'manja mwa a Simioni popanda kuchimwira Mulungu. Inki ya mwaye sichedwa kusungunuka.

"Mayi, imani," ndinatero. "Chonde imani. Atatu otsalawo ndipatseni ine."

"Mukawaika kuti, ahedi?"

"Kusukulu, m'kabati."

"Kabati imene makiyi ake a Simioni amabwereka akafuna mipando ya msonkhano?"

"Mwana wanu akubwera ndi kalata. Mapepala amenewa ndiwo maphunziro ake."

"Akapanda kubwera nayo?" Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo zaka khumi ndi zisanu zonsezo. "Inu munamupatsa dzina, ine ndinamubala. Akamukweza galimoto Lolemba, mudzapita ndinu kukagogoda kuti mumubweze?"

Ndinali ndi ana asanu ndi nyumba ya sukulu. Ndinaima pomwepo, munthu wophunzira, n'kuona akutenga pepala lalitali lija, la ndakatulo ya ulendo, akutchula dzina la Mulungu chapansipansi, n'kuliviika. Zilembo zinayamba kutuluka papepala ngati utsi. Anapukuta ndi chala pang'onopang'ono, mwaulemu, monga posambitsa khanda.

Jaffalie anafika Lamulungu masana, fumbi lili mbuu, kalata ili m'thumba la malaya. Anayamba wadzera kwa ine kudzandionetsa chidindo. Ndinalephera kumuuza. Ndinangoti tiye kunyumba, ndikuperekeze.

Mayi ake anamulandira, anamukhazika pakhonde, n'kubweretsa kabokosi kopanda kanthu ndi kapu. Anamufotokozera zonse m'Chiyao. Zotsalira za mapepala anali atazikwirira pamalo oyera pafupi ndi manda. Madzi ambiri mchimwene wa mayiwo anakawathira pakati pa nyanja m'mawa umenewo, kumene phazi la munthu silingaponde. Anasungako kapu imodzi.

"Imwa, Jaffalie. Agogo ako akhale mwa iwe. Mmenemo a Simioni sangapisemo."

Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana m'kabokosimo. Kenaka anatulutsa kalata ija, anaiyang'ananso, n'kuibwezera m'thumba. Analandira kapu ndi manja awiri n'kumwa madzi onse.

"Zikomo, amayi," anatero.

Lolemba m'mawa tinapita limodzi kwa a Simioni. Tinawapeza akuyanika usipa pathandala. Anapukuta manja pathalauza, anatenga kalatayo, anayang'ana chidindo chokha, poti Chingerezi chinali pamenepo sakanachitha.

"Aa, si izi. Bwanji osanena kale kuti muli ndi chilolezo? Pitirizani ntchito, a yunivesite. Ife timanyadira ana ophunzira."

"Kope langa, a Tcheya."

"Kope?" Anaitana akazi awo. Mayiwo anatuluka n'kunena kuti sankadziwa kuti n'lofunika, mapepala ake anakulungira zitumbuwa kumsika Loweruka. Chikuto chokha ndi chimene chinalipo.

"Mugula lina," anatero a Simioni. "Makope ndi osasowa."

Ndakhala ndi mawu amenewo m'khutu zaka zonsezi. Munthu ameneyu sanamenye aliyense, sanatumize aliyense kundende, ndipo mukanamufunsa akanati sanakhudze n'pepala limodzi lomwe la Che Atumani. N'zoona. Nthawi imeneyo zinkayenda choncho. Ankangodutsa pakhomo, kumwa madzi, kufunsa za mwana wa uje, ndipo inu mwini munkawononga chuma chanu ndi manja anu, n'kuthokoza kuti mwapulumuka. Anthu amawerenga amene anafa ndi amene anamangidwa, ndipo ayenera kuwerengedwa. Koma palibe amene anawerenga mabokosi amene anakhuthulidwa kuseri kwa nyumba chifukwa cha mantha.

Jaffalie anabwerera kukoleji wopanda chonyamula. Mphunzitsi wake anamumvera chisoni, koma nthawi inali itatha, ndipo chimangirizo sichilembedwa pa mapepala amene palibe wina angawaone. Analemba za mmene amonke a ku Mangalande ankasungira mabuku awo, zonse zotapa m'laibulale. Anakhoza. Analandira digiri yolembedwa kuti Willard Uladi, ndipo boma linamutumiza kukaphunzitsa kusekondale kutali ndi kwawo.

Anaphunzitsa mbiri zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ana ake a sukulu amene ndakumana nawo amati anali munthu wofatsa, wokonda kujambula mapu pabolodi. Mmodzi anandiuza kuti akafika pamutu wa kubwera kwa amishoni ankaphunzitsa monga mmene mayeso amafunira, kuti iwo ndiwo anabweretsa sukulu ndi kulemba. Akatha ankatseka chitseko n'kunena kuti, "Pamayeso mulembe zimenezo. Koma kunyanja kunali anthu olemba makalata iwo asanafike." Mwana akafunsa umboni, ankangoti unalipo.

Jaffalie sanawanenerepo choipa mayi ake ngakhale kamodzi. Ine ndinayesa kangapo kumukwiyitsa, chifukwa mkwiyo wanga unkafuna mnzake. Ankandiyankha kuti, "Ahedi, amayi anasankha pakati pa pepala ndi ine. Inu mukanasankha chiyani?" Abiti Ibrahimu anamwalira mu 1988 akukhulupirira kuti anapulumutsa mwana wawo, ndipo ndani angalumbire kuti sanatero? Kalata ija ikanachedwa tsiku limodzi, bwenzi ndikulemba nkhani ina.

A Simioni zinthu zitasintha mu 1994 anasintha mtundu wa malaya basi. Ndinawamva ndi makutu anga pamsonkhano wina akuuza achinyamata kuti azisunga chikhalidwe ndi mbiri ya makolo, anthu n'kuwaombera m'manja. Ndinanyamuka n'kuchoka. Pamaliro awo sindinapite, ndipo amene anandinena kuti ndine wouma mtima anene ndithu.

Jaffalie atapuma pantchito anabwerera ku Nkope, kumene ine ndinali nditamanga kale nyumba yanga. Mu 2003 ndinamukakamiza kuti tikhale pansi alembe zimene akukumbukira. Anakana kwa miyezi. Anati wolemba mbiri salemba za m'mutu n'kuzitcha umboni. Ndinamuuza kuti ine si yunivesite, ndine nkhalamba yofuna kumva. Anavomera.

Tinakhala m'mawa uliwonse kwa milungu itatu, iye akutchula, ine ndikulemba. Makalata a malonda anali atatayika onse, anangotsala ndi mutu wa nkhani. Ndakatulo ija ndi imene inabwerako pang'ono, chifukwa anali ataiwerenga mokweza kambiri. Ankatseka maso n'kuyamba kuyenda. Malo oyamba anabwera msanga, ndi mizere yake yonse. Achiwiri, achitatu, kukwera mapiri a ku Namwera, chitsime cha madzi ozizira, mfumu imene inapempha nsalu ziwiri. Pofika pa malo achisanu ndi chiwiri mizere inayamba kuduka. Pa achisanu ndi chinayi anakumbukira dzina lokha, ndi mawu akuti pamenepo amtengatenga anadwala. Anakhala masiku anayi akufunafuna malo a khumi. Ankadzuka, kuzungulira bwalo, kubwereza kuchokera poyamba kuti mwina lilime lidzipezera lokha njira. Tsiku lachinayi anatsegula maso n'kuti, "Ahedi, tsekani kope. Ndikapitiriza ndiyamba kupeka."

Anamwalira mu 2005. Masamba anayi amene tinalemba ali ndi mwana wake wamkazi, Ajira. Ulendo wa Che Atumani umathera pamenepo, pa malo achisanu ndi chinayi, m'tchire la ku Mozambique, kutatsala malo makumi awiri ndi asanu kuti afike kunyanja yamchere.